Mwendo wa a Wanimita

M'mawa uliwonse, asanasambe n'kumaso komwe, apongozi anga aamuna ankatsika pakhonde n'kudutsa pabwalo mpaka pakona pa puloti yathu ku Lufita. Pamenepo pali kamwala ka simenti kokwiriridwa pansi, kosonyeza malire, kamene amakatcha bikoni. Akafika ankakaponda kawiri ndi chidendene, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene akufuna kutsutsa, kenako n'kubwerera. Tiyi ankamwa pambuyo pake. Ankati bikoni ili ngati mbuzi, ukangoiiwala tsiku limodzi umakaipeza m'munda mwa eni ake.

Dzina lawo linali Enock Simbeye, koma mukanafunsa dzina limeneli pa boma la Chitipa anthu akanayamba akanda kumutu. Aliyense ankawadziwa kuti a Wanimita. Chifukwa chake chinali mwendo wawo. Ankati akaponda sitepe imodzi, imeneyo ndi mita imodzi yeniyeni, yosapitirira, yosaperewera.

Nkhani ya mwendowo ankaifotokoza okha, ndipo ine ndinaimva mwina kakhumi ndili kuseri kwa chitseko. Anabadwira ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Atangomaliza sukulu kunabwera anthu oyeza malo, ndipo anawalemba ganyu yokoka tcheni. Iwo ankayenda patsogolo n'kumatchula mtunda tcheni isanafike. Mkulu wa oyezawo anatopa nazo, n'kuwauza kuti aponde masitepe khumi kuti awachititse manyazi. Atayeza anapeza mamita khumi. Anawabwerezetsa katatu, chimodzimodzi. Ndi mkulu ameneyo amene anawalimbikitsa kukaphunzira za mapulani a matawuni ku Blantyre. Anagwira ntchito ku Mzuzu, kenako ku Karonga, mpaka anabwerera kwawo kudzakhala mlangizi wa za kamangidwe ka tawuni pa boma pano.

Ntchito yawo inali yonena kuti msika ukhale pati, mabasi aime pati, madzi a mvula adutse kuti, ndiponso nyumba iyambire pati kuchokera pamsewu. Nyumba yomangidwa m'malo a msewu amailemba chizindikiro chopingasa ndi penti yofiira, ndipo tsiku lake likakwana imagwa. Anthu ankawaopa chifukwa cha zimenezo, koma iwo ankakana. "Ine ndimangolangiza," ankatero. "Penti amanyamula ndi ena."

Phula litafika kuchokera ku Karonga, tawuni inayamba kukula ngati bowa mvula itagwa. Mashopu, nyumba zogona alendo, njinga zamoto za kabaza, katundu wa ku Tunduma, kutsidya kwa malire. Adada, pakuti ndi mmene ndinkawatchulira, anajambula malo abwino a amayi a tomato ndi nyemba, mizere yowongoka, njira yodutsa pakati. Amayiwo anakhalamo masiku awiri n'kubwerera m'mbali mwa msewu. Atapita kukawafunsa, mmodzi anawayankha kuti, "A Wanimita, pepala lanulo limagula tomato?" Kwina anajambula msewu wokhota bwino pakona, koma anthu ndi ng'ombe zawo anangodula pakati mpaka panatuluka njira ina. Anabwera kunyumba akupukusa mutu. "Anthu a kwathu kuno sadziwa kona," anatero. Mawa lake iwonso anadzera njira yodulayo chifukwa anachedwa.

Atapuma pantchito khalidwelo silinapume. Ku tchalitchi ankafika msanga kukawongola mabenchi. Pa ukwati wathu ine ndi Kelvin, mwana wawo, anaimitsa kwaya nyimbo ili pakati chifukwa inatseka njira yotulukira. Ndipo aliyense wogula puloti ankabwera kudzawatenga kuti akamupondere. Sankalipiritsa. Ankangofuna kuti anthu aimirire pambali n'kumaonerera.

Ine ndinabwera pakhomopo kuchokera ku Wenya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayankhulana ndi apongozi aamuna ngati anzake. Umagwada chapatali, umayankha mwachidule, ndipo ngati pali nkhani umaipereka kwa apongozi aakazi kuti akaifikitse. Amama, apongozi anga aakaziwo, anamwalira mwana wanga Temwa akukwawa, choncho njira imeneyo inatsekeka. Adada ankandiitana kuti Anyina Temwa, ndiye kuti mayi ake a Temwa, ine n'kuyankha kuti "Yewo, adada," basi. Zaka zonsezo mawu athu akanakwana m'kapu imodzi.

Koma pabwalo ndinkasesa ndine. Ndinkasesa iwo akabwerako ku bikoni, ndiye tsiku lililonse ndinkapeza mapazi awo pafumbi, mzere wopita ndi mzere wobwerera. Patapata wawo wakumanzere anali wodyeka kuchidendene, sindikanawasokoneza ndi a wina. Ndinayamba kuwawerenga mongosewera pofufuta ndi tsache. Kuchoka pakhonde kufika pa bikoni anali makumi awiri. Lolemba makumi awiri, Lamlungu makumi awiri, nyengo ya mvula ndi ya dzuwa.

Chaka china anapita kumaliro ku Chisenga, n'kuterereka pamwala powoloka kamtsinje. Anagona mwezi wathunthu ndi chiuno. Atadzuka anakana ndodo, anati ndodo ndi ya okalamba. Anayambiranso ulendo wawo wa ku bikoni, ndipo ine ndinayambiranso kuwerenga. Ndinapeza makumi awiri ndi anayi. Ndinati mwina ndi ululu, zitha. Patapita miyezi anakwana makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Pofika chaka anali makumi atatu, ndipo anakhazikika pamenepo. Iwo sankawerenga, chifukwa munthu sawerenga chimene akuchidziwa kale. Ankayendabe chibwano chili m'mwamba, manja akugwedezeka ngati msilikali. Ndi mapazi okha amene ankanena zoona, ndipo ine ndinkawafufuta.

Sizikanakhala ndi kanthu pakanapanda nkhani ya nyumba yathu. Adada anapatsa Kelvin puloti ina chakumtunda, m'mbali mwa msewu wafumbi umene iwo omwe anaujambula kale papulani. Pulaniyo inkati msewuwo adzaukulitsa, ndipo munthu asamange pasanakwane mamita khumi ndi asanu kuchokera pakati pake. Njerwa tinaumba tokha nyengo ziwiri za dzuwa. Kelvin amayendetsa kabaza, ndiye ankaponda dothi m'mawa n'kupita, ine n'kutsala ndi chikombole. Madzi ndinkatunga Temwa ali kumbuyo. Njerwa iliyonse mu uvuni umene uja inadutsa m'manja mwanga, zina zili ndi zala zanga mpaka lero.

Tsiku lokhoma zikhomo, afundi omanga nyumba anatulutsa tepi m'thumba. Adada anaiyang'ana ngati aona njoka.

"Afundi, bwezerani. Tepi ndi ya anthu opanda miyendo."

"Pepani, a Wanimita, ndinaiwala kuti makina abwera okha," afundi anatero akuseka.

Adada anaima pakati pa msewu, anakonza kolala, n'kuyamba. "Wanu, thu, fili." Anthu odutsa anaima. Atafika pa fifitini anaponda mwamphamvu n'kuloza pansi, Kelvin n'kukhoma chikhomo. Ena anawomba m'manja. Ine ndinali pansi pa mtengo ndi Temwa, ndipo ndinaona kuti masitepe awo anali aafupi omwe aja a pabwalo.

Madzulo ndikupereka madzi osamba ndinamuuza Kelvin.

"A dada ake Temwa, nyumba ija ili pafupi ndi msewu."

"Wayeza ndani?"

"Mapazi a adada afupika. Ndimaona ndikamasesa."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. "Iwe Loveness! Anthu a madigiri amavula chipewa kwa adada, ndiye iwe ndi tsache lako?"

"Ingobwerekani tepi ya afundi muone."

"Kuti adada amve kuti ndinakawayeza kumbuyo? Ukufuna ndikagone kuti? Munthu uja watsala ndi chiyani kupatula mwendo umenewo?"

Ankanena zoona. Koma ndinkaonanso m'maso mwanga khoma langa lili ndi penti yofiira.

Lachitatu anakumba maziko. Afundi anati Loweruka ayamba kuyala njerwa ndi simenti, ndipo simenti ikagwira palibenso zosuntha. Lachinayi popita kukatunga madzi ndinadzera kupulotiko. Tepi ndinalibe, koma mkazi aliyense amadziwa kuti chitenje ndi mamita awiri. Ndinamasula chimene ndinafunda, n'kuchiyala kuyambira pakati pa msewu, kuika mwala, kuchinyamula, kuchiyalanso. Wa kabaza wina anaima.

"Amama, mwatsegula shopu pakati pa msewu? Chitenjecho ndi zingati?"

Sindinadzutse mutu. Ndinayala mpaka pachikhomo. Zinayenera kukhala zitenje zisanu ndi ziwiri ndi theka. Zinali zisanu. Chipinda chochezera chonse ndi khonde zinali mumsewu.

Tsiku lonselo ndinayeserera mawu. Ndinawayeserera potsuka mbale, posinja, pomusambitsa Temwa. Ndikangofika poti "Adada, mwendo wanu," ndinkalekera pomwepo. Kwathu mawu amenewo satuluka m'kamwa mwa mkamwana.

Lachisanu ndinadzuka iwo asanatuluke. Ndinatenga chitenje changa chobiriwira chamaluwa achikasu, ndinachiyala chowongoka m'mbali mwenimweni mwa njira yawo ya ku bikoni, miyala m'makona anayi, n'kuthirapo mtedza ngati ndikuyanika. Kenako ndinakagwada pafupi ndi khitchini n'kumapala poto amene anali woyera kale.

Anatuluka, anatsokomola, anatsika pakhonde. Atafika pa chitenje anadutsa m'mbali mwake. Wanu, thu, fili. Anapitirira pang'ono n'kuima. Munthu amene wakhala akuyeza zinthu moyo wake wonse sangadutse pa chinthu chowongoka diso lake osachiyeza. Anabwerera, anaika chidendene pomwe nsalu ikuyambira, n'kuyendanso. Atatu. Kachitatu anatambasula mwendo mpaka ndinamva akubuula, koma nsalu inatsalabe.

"Anyina Temwa."

"Yewo, adada."

"Amalonda a ku Tunduma ayamba liti kuwonjezera nsalu?"

"Sanayambe, adada."

"Iyi ndi mamita angati?"

"Awiri, adada. Ndi ija munandigulira Temwa atabadwa. Amama ankati munayezetsa kawiri m'shopu."

Anawerama movutikira, anatola mtedza umodzi, anauswa n'kutafuna.

"Mtedza uwu ndi wouma kale."

"Eya, adada."

"Ndipo dzuwa silinatuluke."

"Eya, adada."

Ndinamva kakuseka kakang'ono kotulukira m'mphuno, koma nditaba kuyang'ana nkhope yawo sinali kuseka. Ankayang'ana mapazi awo pafumbi, kuyambira pakhonde, ngati akuwerenga kalata yochokera kutali.

"Munaona liti?"

"Chaka chatha, adada."

"Chaka chonse muli chete?"

"Ndimangosesa, adada."

"Kupuloti kuja mwapitako ndi nsalu yanuyi?"

"Zitenje zisanu, adada."

"Teni mita," anatero motsitsa. "Ine Simbeye, kuika mdzukulu wanga mumsewu umene ndinajambula ndekha."

Tsiku limenelo bikoni sanaiponde. Anaitana Kelvin, amene anatuluka akutikita m'maso, n'kumuuza kuti akatsegule sutikesi ya pansi pa bedi. M'menemo munali tepi yaikulu ya chikwama chachikopa, imene anzawo a kuntchito anawapatsa potsanzikana. Inali isanatuluke m'pepala lake. Ankati anawapatsa mowanyoza.

Tinapita tonse kupuloti. Afundi anali atafika kale kudzaona mchenga. Kelvin anatambasula dzanja kuti agwire poyambira tepi, koma adada anamukaniza.

"Iwe gwira khasu. Anyina Temwa agwire ku ziro."

Ndinagwada pakati pa msewu ndi kachitsulo ka tepi m'manja, anthu akuyang'ana, ndikulakalaka nthaka itanditsegukira. Adada anayenda chobwerera m'mbuyo akumasula tepi. Anadutsa chikhomo, anawoloka dzenje la maziko pa thabwa, anapitirirabe, mpaka anakaima pomwe tinkati padzakhala chipinda chogona.

"Apa," anatero.

Afundi anagwira m'chiuno. "A Wanimita, nanga msewu wasuntha usiku?"

"Msewu uli pomwe unali, afundi. Mwendo ndiwo unapuma pantchito osandiuza."

Afundi anaseka mpaka kupukuta misozi, adada nawonso anaseka pang'ono. Kelvin yekha ndi amene sanaseke, chifukwa kukumbanso kunali kwake. Anakumba masiku atatu osandiyang'ana kumaso. Tsiku lachitatu anabwera ndi shuga ndi sopo wonunkhira, anaziika patebulo. M'maenje akale aja tinadzalamo nthochi, ndipo zinabereka bwino kwambiri.

Adada sanathere pamenepo. Anakhala pansi n'kukumbukira aliyense amene anamupondera puloti chigwereni ku Chisenga kuja. Anali anayi. Anawayendera onse ndi tepi m'khwapa. Atatu anali asanamange, ndipo anangoseka n'kusuntha zikhomo. Wachinayi anali atamaliza kale kashopu, khonde lake lonse lili mumsewu. Adada anakamuuza okha pamaso. Sindikudziwa zimene anayankhidwa kumeneko. Anabwera dzuwa likupendeka, anakhala pakhonde osavula nsapato, ndipo chakudya chinabwerera momwe ndinachiperekera. Kuyambira pamenepo wina akabwera kuti akamupondere, ankati, "Tepi ndili nayo. Miyendo ndinabweza kwa Mwini wake."

Tinalowa m'nyumba yathu chaka chotsatira, ndipo adada tinkawayendera tsiku lililonse. Pabwalo pawo ndinkasesabe ndine. Patapita chaka china anthu okulitsa msewu anabweradi. Anatsogola ndi mtsikana wa ku Dedza dzina lake Doreen, amene anatenga ntchito imene adada ankagwira kale. Anali ndi kamakina konga foni koyezera malo, ndipo kumbuyo kwake kunali bambo wonyamula chitini cha penti yofiira. Ndinawaona akuyambira kumunsi. Mpanda wa aneba analemba, kagolosale ka patsidya analemba. Atafika pathu ndinamugwira Temwa dzanja mpaka anadandaula.

Adada anali atabwera kale, atavala jekete, atakhala pampando pakhonde pathu ngati akudikira basi.

"Monire, adada," anatero Doreen, Chitumbuka chake chikumveka kuti n'chophunzira.

"Yewo, mwana wanga. Yezani."

Anayenda ndi kamakina kake kuchoka pakati pa msewu mpaka pakhoma, anayang'ana, anabwereranso kachiwiri.

"Fifitini yeniyeni! Anayeza ndani pano?"

"A Wanimita omwewo," anayankha wa penti uja.

"Ndiye nkhani ija ndi yoona? Ku ofesi amanena kuti munkayeza ndi mwendo, ine ndimati akunama. Adada, mwendo wanuwo tiusunge mu kabati ya ofesi!"

Adada anatsokomola, anakonza kolala. "Kuyeza ndi luso, mwana wanga. Si za aliyense."

Atachoka alendowo ndinabweretsa tiyi n'kugwada. Iwo anathira shuga, anatakasa nthawi yaitali, osandiyang'ana.

"Anyina Temwa."

"Yewo, adada."

"Mukanena, ine ndikana."

Aka kanali koyamba kuti ine ndiseke pamaso pawo. Ndinabisa kukamwa ndi chitenje chomwe chija.

Chaka chatha, m'mwezi wa Juni mphepo ya kuno ikuluma, chifuwa chinawagwira. Anakana chipatala sabata ziwiri mpaka Kelvin anangobwera ndi galimoto ya mnzake m'mawa wina. Anafuna kuwanyamula kuchokera pakhonde, koma iwo anakweza dzanja. Anati ayambe akaona bikoni. Anatsika okha, atafunda bulangete, patapata akukhwekhwereza. Nthawi imeneyo anali atayamba kuwerenga mokweza, ndipo tonse tinaima n'kumamvetsera. Anafika pa fifite thu. Anaponda bikoni kamodzi kokha, mopepuka.

"Ilipo," anatero. "Koma pabwalo pano pakula."

Kuchipatala anakhala masiku anayi osayankhula, ndipo sanabwererenso. Choncho mawu awo omaliza ndi amene ananena ali kale m'galimoto, injini ikulira. Anatsitsa galasi n'kundikodola ndi chala. Ndinagwada pomwe ndinali, koma anakodolanso, mpaka ndinafika pawindo penipeni, pafupi kuposa mmene ndinafikirapo zaka zonse zija. Analoza ndi maso mzere wa mapazi awo pafumbi, ang'onoang'ono, ogundana, ena ongokokedwa.

"Anyina Temwa," ananong'ona, "anthu abwera kudzafunsa za ine. Tengani tsache lanu musese msanga, asaone."